Khomo Lachiwiri la Sitolo ya ku Lirangwe

Majid analowetsa dzanja mumng'alu wa khoma, zala zinayi zonse n'kubisika.

"Pafoni unkati ndi kamng'alu," anatero kwa mlongo wake. "Kamng'alu kameneka?"

Shamima sanatembenuke. Ankapinda mikeka imene anakhalapo anthu obwera ku duwa, mapemphero opempherera malemu. Linali Lolemba, pa 21 Ogasiti 2023, tsiku lachisanu ndi chiwiri chimwalirireni bambo awo, Che Twahir. Anagwa Lachiwiri pa 15, akutuluka mumzikiti, ndipo anaikidwa masana a tsiku lomwelo. Majid anali ku Joni kumene ankasoka zovala. Basi inamufikitsa ku Chileka manda atauma kale.

"Namondwe wa mu Malichi ndiye anayambitsa," Shamima anayankha. "Ababa ankati akonza mvula isanabwere."

"Ankati. Miyezi isanu amayi akugona m'nyumba yoti ikhoza kuwagwera, pamene alendo ku Lirangwe akugona pabwino. Mutu wake uli pati?"

"Si alendo, achimwene. Akhalamo zaka zisanu ndi zinayi."

"Abale athu?"

"Ayi."

"Ndiye ndi alendo."

Nkhani inali ya sitolo yakale imene Che Twahir anasiya, pakati pa msewu waukulu ndi njanji ku Lirangwe. Anaimanga mmwenye wina mu 1937, ya njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, khonde lalitali la nsanamira zisanu ndi imodzi, ndi zipinda zinayi kumbuyo. Amwenye atauzidwa kuti azichitira malonda m'tauni mokha, agogo awo a Majid anaigula mu 1978. Malonda anatha kalekale, koma m'zipinda zitatu munkakhala asilikali opuma atatu amene analibe kopita. Lendi yawo inali thumba la laimu pachaka, ndi manja awo opakira.

Tsopano a Mahamudu a ku Lunzu ankafuna malowo. Ankafuna kugwetsa nyumbayo n'kumangapo pomwetsera mafuta galimoto. Pepala lawo linali m'thumba la malaya a Majid, likudikira masaini atatu: lake, la Shamima ndi la amayi.

Amayi awo, a Sikina, anali m'chipinda. Anali atayamba eda, miyezi inayi ndi masiku khumi osachoka pakhomo, koma chitseko chinali chotsekula ndipo anamva zonse.

"Majid."

"Amayi."

"Ku Lirangwe unapondako liti?"

Anawerenga mumtima. "2013. Ndisananyamuke."

"Pita ukaone chimene ukugulitsa. Ukabwerako undipatse cholembera, sindikana. Mlongo wako apite nawe."

Anapita m'mawa mwake, pa minibasi mpaka ku Lunzu, kenako ina yolowera ku Zalewa. Atatsika anapeza woyeza malo wa a Mahamudu, a Tione, atafika kale ndi tepi yawo, akusuzumira pansi pa khonde.

Majid anaima kutsidya kwa ngalande. Ankayembekeza bwinja. Nyumbayo inali yoyera ngati nsalu ya pachikondwerero cha Idi, nsanamira zonse zili chilili, malata akale ofiira opanda limodzi lopindika. Magolosale awiri a simenti oyandikana nayo, omangidwa iye atapita kale ku Joni, anali ndi makoma ochirikizidwa ndi mitengo.

"Namondwe anangochotsapo malata awiri," anatero Shamima. "Anawatola kunjanji n'kuwabwezera tsiku lomwelo."

Pakhonde panakhala amuna awiri okalamba akusewera bawo. Wachitatu, wamtali, wa jekete lothothoka m'khosi, anaimirira n'kuvula chipewa.

"Ndinu Majid. Mphumi ndi ya Che Twahir. Pepani ndi zovutazi, bambo. Ine ndine Wilson Likoswe. Uyu ndi Isaki, uyo Sangwani. Musawapatse moni onse nthawi imodzi, Sangwani akuba nkhomo Isaki akayang'ana kumbali."

"Bodza, Sajeni," anatero a Sangwani osadzutsa mutu. "Ndimaba akuona."

Anapatsana moni. Palibe anafunsa za bambo wa tepi uja. A Isaki anangomuyang'ana kamodzi, n'kubwezera maso pabawo, koma dzanja lawo linakhala m'mwamba nthawi yaitali lisanagwetse nkhomo.

Majid analowa m'sitolo. Mashelefu a mlombwa anali pamalo pake, opanda kanthu, opukutidwa. Fungo linali lomwe lija, laimu ndi thabwa lakale. Anapeza ndi chala kabowo kamene anakhoma msomali mu 1996, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kuti apachike kalendala ya timu ya mpira. Bambo ake anazula msomaliwo ndi pulayala, n'kumukhazika pansi ola lathunthu. Khoma ili si lako, si langa, anatero tsiku limenelo. Anaumba njerwazi anamwalira, sungawaitane kuti adzaumbe ina. Bambo ake omwewo anakana magetsi zaka zitatu chifukwa amisiri ankafuna kuboola khoma, mpaka anapeza njira yodutsitsa waya pansi pa denga.

Kunja kunamveka kugumuka kwa zinthu, kenako mawu a a Wilson, osafanana ndi amene anapereka moni aja.

"Siyani! Chotsani phazi pamenepo!"

Majid ndi Shamima anathamangira kuseri. A Tione anaima ndi tepi m'manja pafupi ndi mulu wa njerwa wosanjidwa bwino pansi pa kadenga ka udzu. Ngodya imodzi inali itagumuka, njerwa khumi ndi kanthu zili mbwee.

"Ndimafuna ndidutsitse tepi, madala," anatero a Tione. "Ndi njerwa zakale basi. Zonsezi zipita pa lole."

A Wilson anagwada, mawondo akulira, n'kuyamba kutola imodziimodzi, kuitembenuza, kuipukuta ndi mkono wa jekete. Majid anawerama kuti athandize, ndipo anaona kuti njerwa iliyonse inali ndi nambala yolembedwa ndi laimu. 17. 18. 40.

Atadzutsa mutu anaona chitseko. Khoma lakumbuyo ankalidziwa kuyambira ali mwana, linali lopanda khomo ngakhale zenera, kuchokera ngodya kufika ngodya. Tsopano pakati pake panali khomo, la felemu ya thabwa, lotsekula, ndipo mkati munkaoneka bedi loyalidwa mwausilikali ndi khomo lina lija lakale loyang'ana kubwalo.

"Anaboola ndani apa?"

"Bambo anu."

"Ababa? Khoma ili?"

"Ndi manja awo. Juni 2014."

Majid anayang'ana Shamima. Iye anapukusa mutu. "Ine ndinkadziwa kuti pali chitseko. Chifukwa chake sananene, ndipo sindinafunse."

A Wilson anakhala pachitsa, njerwa ya nambala 40 ili pamwendo.

"Bambo anu anandipeza kusiteshoni uko, ndikugona pakhonde. Mayi a kunyumba atamwalira, abale awo anati mkamwini ntchito yake yatha, ndizipita kwathu. Kwathu kwake kuti? Ndinachokako 1976. Che Twahir anandipatsa chipinda ichi, kiyi m'manja. Patatha sabata anandipeza ndikugonanso pakhonde la siteshoni. Anati, a Likoswe, chipinda chija chili ndi nsikidzi? Ndinati ayi. Anati, chikudontha? Ndinati ayi, chili ndi khomo limodzi."

A Isaki ndi a Sangwani anali atabwera, ataima pangodya ya nyumba.

"Tinkalondera njanji ya ku Nacala, ku Mozambiki," a Wilson anapitiriza. "1989, mwezi wa Novembala. Tinagona anthu asanu ndi awiri m'kanyumba ka siteshoni ina yaing'ono. Khomo limodzi, zenera la zitsulo. Adani anabwera n'kuima pakhomopo ndi mfuti. Ine ndinali nditatuluka kukataya madzi, ndinapulumuka ndekha." Anatembenuza njerwa ija. "Kuchokera pamenepo, m'nyumba ya khomo limodzi ndimangokhala tsonga. Mkazi wanga anazolowera. Bambo anu sanafunse zonsezi, ndinawauza patapita zaka. Tsiku limenelo anangoti, khomo limodzi? N'kupita."

"Kenako?"

"M'mawa mwake anabwera ndi mpeni wa patebulo. Osati hamala, osati chitsulo. Mpeni wodyera. Anayamba pamwamba apo kukanda dothi la pakati pa njerwa, pang'onopang'ono, mpaka njerwa igwedezeke yokha. Akaitulutsa, nambala. Masiku khumi ndi limodzi. Njerwa 206, sinasweke ngakhale imodzi. Ndinkati ndithandize, ankati inu manja anu ndi a mfuti, muswa."

"Tsiku lachitatu analira," anatero a Sangwani. "Ine ndinali ndisanabwere, koma Sajeni amanena."

"Sanalire. Fumbi linalowa m'maso."

"Fumbi la masiku khumi ndi limodzi."

A Tione anatsokomola n'kuyang'ana wotchi. Palibe anawalabadira.

Majid anapita pakhomo lija. Anayendetsa dzanja m'mphepete. Njerwa zotsala zinali zolowana ngati mano, theka kutuluka, theka kulowa, zosadulidwa kuti zilingane. Felemu sinakhomedwe kukhoma. Inagwidwa ndi timitengo tokhomerera m'mbali, toti munthu akhoza kugwedeza n'kuchotsa. Mipata inatsekedwa ndi dothi.

"Anasiya chonchi dala," anatero, osafunsa.

"Kuti zidzabwerere. Nambala 1 pamwamba kumanzere, kumapita kumanja, mzere ndi mzere. Ankati nyumbayi angoibwereka khomo, adzabweza."

"Liti? Inu mukadzamwalira?"

A Wilson anaseka pang'ono. "Inenso ndinafunsa choncho. Anakwiya. Anati, ndani wanena za kufa? Tidzabwezera tsiku limene mudzandiuze kuti mwagona bwino, khomo lachiwiri simukulifunanso." Anaika njerwa ija pamulu, pamalo pake. "Zaka zisanu ndi zinayi. Sanandifunsepo ngakhale kamodzi kuti a Likoswe, nanga lero?"

Sitima ya katundu inadutsa, yaitali, nthaka ikunjenjemera. Onse anadikira kuti ithe. Majid anayang'ana khoma lonse, kuchokera pansi mpaka kumalata, zaka 86 lili chiimire pa dothi ndi laimu, ndi bowo limodzi lokha limene mwini wake analiboola ndi mpeni wodyera.

"Bambo Majid," anatero a Tione, "ine ndili ndi malo ena ku Mdeka. Tipitirize?"

A Isaki ndi amene anayankhula, koyamba chifikireni alendowo. "Bambo, ife sitikukanizani. Nyumba ndi yanu, ndipo za khoma la mayi ku Chileka tikuzidziwa. Tinapita ndi Che Twahir mu Julayi kukaliona. Maziko ndi abwino, yatsika ndi ngodya imodzi. Tinapangana kuti tiyamba Seputembala, njerwa taumba kale zili kudambo. Mugulitse, musagulitse, khoma limenelo tikamanga. Tinalonjeza. Chimene tikupempha n'choti mutiuze tsiku, tisadzidzimuke ndi lole."

Majid anatulutsa pepala lija m'thumba. Analitambasula, kuliyang'ana, kulipindanso m'mapindo ake omwe, n'kulipereka kwa a Tione.

"Mukawauze a Mahamudu kuti pepani, tawataya nthawi."

"Mukudziwa zimene mukukana? Mtengo umenewu simudzaupezanso."

"Ndikudziwa."

A Tione anakulunga tepi yawo, ikulira, n'kuzungulira nyumba kupita kumsewu. Shamima anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kuphimba nkhope ndi mpango. A Sangwani anakweza dzanja ngati achita sawatcha, n'kulisiya panjira, n'kukanda nalo mutu.

"Amayi ndikawauza ine," anatero Majid. "Seputembala ndikhala ndilipo. Ku Joni adikira."

Anathandiza a Wilson kumaliza kusanja ngodya yogumuka ija. Ali mkati moika, anaona kuti manambala sanali ofanana. M'mizere yapamwamba anali oyera, owala, ngati olembedwa dzulo. Chapakati kuyera kunathera pa 131. Kuyambira pamenepo kutsika anali otuwa, ena osawerengeka n'komwe.

"Laimu amafufutika ndi chinyontho," anatero a Wilson. "Penti ankaikana, ankati imatseka njerwa, siipuma. Ndiye chaka chilichonse mu Ogasiti ankaphwasula muluwu n'kulembanso zonse, mvula isanayambe. Lolemba lija anafika pamenepo. Anati msana wawawa, amaliza mawa."

Kumbuyo kwa mulu, pamthunzi, panali kachitini ka nsomba kokhala ndi laimu wouma wong'ambikang'ambika, ndi nthenga ya nkhuku itaima momwemo.

Majid anapempha madzi. A Isaki anabweretsa m'kapu. Anathira pang'ono m'kachitinimo, kusonkhezera ndi kamtengo mpaka laimu anasungunuka, n'kuchotsa mizere yapamwamba mosamala, kuiika pambali mwa dongosolo lake. Anatenga njerwa yotsatira, naipukuta ndi chikhato. Nambala yakale inkaoneka pang'ono, m'kalembedwe ka bambo ake, 3 wokhala ndi mutu wafulati. Anaviika nthenga ija n'kutsata mzere womwewo.