Mfundo ya Bambo a Noi

Tsiku limene a Sawaeng anagwa mumtengo wa mango, akazi awo, agogo a Bunthom, anayamba awakalipira kaye, kenako n'kuitana galimoto. Nkhalamba ya imvi mbuu kukwera mumtengo kufuna mazira a nyerere zofiira, pomwe nsungwi yogwedezera zisa inali chigonere kuseri kwa nyumba. Ndiwo zake zokoma, inde, koma osati mpaka kuthyokera nthiti.

Nthiti imodzi inabaya phapo. Kuchipatala chachikulu cha m'tauni anawagoneka m'chipinda cha odwala mwakayakaya, pa makina othandiza kupuma. Nthitizo zinayamba kugwirana bwinobwino, koma m'mapapo munalowa tizilombo ta m'chipatala momwemo, tija tosamva mankhwala. Madokotala anayesa awa, thupi lili moto. Anayesa ena, chimodzimodzi. Pomaliza anatulutsa mankhwala akalekale amene anthu anawasiya poopa kuti amawononga impso, ndipo amenewo ndiwo anayamba kugwira. A Sawaeng anawaika okha m'kachipinda ka magalasi, achibale n'kumangowasuzumira pawindo.

Agogo a Bunthom anayala mphasa pakhonde la achibale pamodzi ndi alamu awo a Lamduan, mlongo wa wodwalayo. Kunena zoona, moyo wa pakhondepo sunawaipire. Kunalibe nkhuku zodyetsa, kunalibe munda wopalira. Masana aliyense amamasula kadengu kake ka mpunga womata, wina papaya wosinja ndi tsabola, wina nsomba zouma, ndipo pofika madzulo umakhala utadziwa matenda ndi milandu ya maboma atatu.

Chimene chimawadya mumtima chinali chimodzi. Kutentha thupi kunatsika, madokotala akumwetulira, amuna awo akutsegula maso, koma m'masomo munalibe munthu. Amangoyang'ana kudenga. Dokotala anati tidikire, mutu umachedwa kubwerera. Agogo anavomera mwaulemu, koma ankadziwa chimene chasowa. Munthu akagwa modzidzimuka choncho, khwan wake, kamzimu kamene kamamusunga, kamathawa n'kutsalira pamalo pomwepo.

Iwo anali atachita kale mbali yawo. Anakwera basi ndi a Lamduan kubwerera kumudzi, anapita pansi pa mtengo wa mango uja ndi kaukonde kotungira nsomba, anatunga m'mwamba ndi pansi akuitana dzina la amuna awo, n'kukhuthulira m'kadengu momwe munali dzira lophika, nthochi ndi mpunga. Khwan anali m'kadengumo tsopano, pambali pa mtsamiro wawo. Chotsala chinali kulowa n'kumumangirira pamkono pa mwini wake ndi ulusi woyera.

M'mawa wina anatuluka Pui, nesi wamfupi wosekaseka amene pa nkhani yosamba m'manja sankaseka ndi munthu.

"Agogo, lero mulowa. Adokotala alola."

Agogo anadzuka ndi kadengu m'manja.

"Kameneko katsala panja," anatero Pui.

"Mwana wanga, muli agogo ako aamuna m'menemu."

"Ndikudziwa, kwathunso timatunga. Koma dzira sililowa muno. Ulusi mundipatse ndikauphike m'chimphika cha nthunzi limodzi ndi zipangizo za madokotala, masana mudzawamanga. Ndipo onetsani manja."

Agogo anatambasula mikono. Kumanja kunali timaulusi tambiri, ta ku ukwati wa mdzukulu wawo umene unachitika ngoziyo itatsala pang'ono. Tinali titada ndi thukuta ndi utsi.

"Zonsezi zichoke," anatero Pui. "Tizilombo ta agogowa tilibe miyendo, timayenda pa manja athu, pa mphete, pa ulusi ngati uwu. Mukalowa nawo muwatengera tina. Mukatuluka nawo mukagawira khonde lonse, mpaka kamwana ka mdzukulu wanu kakadzabadwa. Ndipo mankhwala amene tatsala nawo ndi omwewa basi."

"Si ndimanena ine," anatero a Lamduan. "Makapusozi timangomeza ngati maswiti, chimfine kapusozi, nkhumba ikatsokomola kapusozi. Tizilombo tinazolowera, tikuona ngati ndiwo."

Timaulusi tambiri tinavuka tokha, pakuti omanga paukwati amamanga mothamangira chakudya. Unatsala umodzi. Umenewo anamanga ndi a Sawaeng.

A Sawaeng anakulira m'bwato pa mtsinje wa Chi, ndipo mfundo yawo inali ya msodzi, yosamasuka ndi madzi kapena ndi zaka. Moyo wawo wonse wa m'banja ankayenda m'mbuyo mwa akazi awo kumanganso zimene iwo amanga: thumba la mpunga, mitolo ya mbande, chingwe cha njati yawo yolimira. Amagwira mfundoyo ndi chala chachikulu, n'kukwinya nkhope. "Mayi a Noi, iyi ndi mfundo kapena mwangopiringiza?" Paukwati paja anawagwira mkono akazi awo anthu akuona, n'kumanga akunena kuti, "Khalani pompano, mayi olongolola inu, musandithawe." Anthu anaseka, agogo anawamenya paphewa.

Pui anatulutsa kalumo m'thumba.

"Bweza," anatero agogo.

"Dulani basi, alamu," anatero a Lamduan. "Ulusi wadzaza pamsika."

"Inu mukudziwa kuti sadula. Mukufuna ndidule zimene mlongo wanu anamanga, iye ali gone apo?"

Agogo anachita mantha, ndipo sanabise. Masiku onsewa ankagona atagwira kaulusiko, ndipo mumtima ankakhulupirira kuti n'kamene kakuwaimiritsa. Koma amuna awo anali kuseri kwa galasi, khwan ali kunja kuno, ndipo panalibe wina woti amulowetse.

Pui anabweza kalumo, n'kukweza mwendo wa buluku lake. Pamwamba pa sokosi panali timaulusi toyera titatu.

"Amayi anga anatopa nane, amandimanga kumwendo ngati nkhuku yogulitsa," anatero. "Masulani, agogo, musathamange. Ine ndilipo mpaka madzulo."

Agogo anachotsa pini pabulauzi, anavala magalasi a a Lamduan pamwamba pa awo, n'kukhala pamene pamawala dzuwa. Mfundo inali itauma ngati njere ya bwemba. Anaitokosa, anainyowetsa ndi madzi, anayesa ndi mano awo otsalawo. Khonde lonse linasonkhana kupereka nzeru, ndipo aliyense anali katswiri. Agogo ankangong'ung'udza.

"Nkhalamba iyi. Ngakhale ili chigonere ikundivutitsabe."

Dzuwa litafika pamutu, kansonga kanasuntha, mfundo n'kumasuka. Pamkono panatsala kamzere koyera. Agogo anauyang'ana ulusiwo uli m'chikhatho, wopotanapotana, wakuda. M'thumba anali ndi ulusi watsopano wa kukachisi, koma sanautulutse. Anatsegula kadengu, anagoneka wakalewo pa dzira, analankhula nawo motsitsa, kenako anaupereka kwa Pui.

"Phika uwu. Koma nthunzi yakoyo simuwotcha khwan?"

"Munthu amene wakhala ndi inu zaka zonsezi angapse ndi nthunzi, agogo?"

A Lamduan anaseka mpaka kutsokomola.

Masana Pui anawasambitsa m'manja mpaka m'zigongono, anawaveka chovala chapulasitiki, magolovesi, chophimba pakamwa ndi kachipewa. Mukachipindamo munali kuzizira, makina akupuma mofatsa. A Sawaeng anali ataonda, paipi ili pakhosi, maso ali kudenga. Pui anang'amba kapepala, ulusi n'kutuluka uli wouma, wofunda pang'ono.

Agogo anagwira mkono wa amuna awo umene unalibe singano. Anausisita ndi ulusiwo kuchokera kuzala kupita kumtunda, monga amachitira aliyense.

"Bwera khwan, bwera. Usakhale mumtengo ndi nyerere, usakhale m'mbali mwa msewu. Mpunga wapsa, bwato likudikira. Bwerera kwa mwini wako, ukhale."

Kumanga ulusi utavala magolovesi si masewera. Unkaterereka, nsonga zinali zazifupi, maso anali ndi nkhungu. Anazunguliza kawiri, anapisa, anakoka, n'kusiya pomwepo. Palibe chinachitika. Makina anapitiriza kupuma, a Sawaeng akuyang'anabe kudenga. Agogo anaima atagwira chitsulo cha m'mbali mwa bedi, ndipo mtima unakhala pansi ndithu, pakuti zawo anali atachita.

"Nthawi yatha, agogo," anatero Pui chapansipansi.

Ndiye dzanja lina lija, la singano, linanyamuka pang'onopang'ono, linakwawa pamimba, n'kufika pamkono. Chala chachikulu chinapeza mfundo. Chinaisisita kamodzi, kawiri. Nkhope ya a Sawaeng inakwinyika. Maso anatsika kudenga kuja, anayendayenda, n'kuima pa munthu wovala pulasitiki amene anali pambali pawo. Milomo inagwedera popanda mawu, chifukwa cha paipi ija, koma agogo a Bunthom sanafunikire kumva. Mawuwo anawamva pa thumba lililonse la mpunga kuyambira ali mtsikana.

"Ndangopiringiza, eya," anayankha, misozi ikulowa m'chophimba pakamwa. "Ngati sikukusangalatsani, bambo a Noi, dzukani mumange nokha."

Zala za msodzi zinagwira kansonga ka ulusi, n'kuyamba kukoka.