Mlonda wa Mfumu M'chipinda cha a Annet

Rabecca waonapo anthu odikirira odwala amitundumitundu m'chipatala cha ku Wolverhampton ku Mangalande, olira, okalipa, ngakhale ongobwera kudzatchaja foni. Koma woima ngati mtengo wa magetsi anayamba kumuona tsiku limenelo.

Anali a Marvin Osborne, mzungu wokalamba. Akazi awo, a Annet, anali atatsala madzi amodzi. Mkuluyo anaima kumiyendo kwa bedi chiyambire m'mawa, mutu woweramitsa, manja pa ndodo. Mpando anakana, tiyi anakana.

“Akagwa amenewa tifila ma incident report mpaka weekend,” ananong'ona Gomezgani, namwino mnzake.

Rabecca sizinali zimenezo zomwe zinkamupweteka. Mayiwo akanatha kupita nthawi iliyonse, mwamuna wawo ali poteropo ngati mlendo. Komanso, tisabise, chidwi chinkamudya.

“Bambo, mwaimiranji chonchi?”

Anayankha osadzutsa mutu. Anati atapuma usilikali analowa m'gulu la alonda a mfumu, aja ovala zofiira ndi kunyamula mikondo pa miyambo. Gululo ndi lakalekale. Makolo awo pantchitoyo ankalawa chakudya cha mfumu ndi kufufuza pabedi pake kuopa mipeni. Lero kunatsala ulemu wokha, ndipo waukulu ndi kuima pambali pa bokosi mfumu ikamwalira.

“Ndinaimirira munthu amene sankadziwa n'komwe dzina langa. Ndiye uyu ndimukhalire pansi?”

“Nanga mlonda akatopa amatani?”

“Sachoka. Amadikira wina adzamulandire.”

Basi? Rabecca anatsala pang'ono kuseka, koma chisoni chinamugwira. Tsiku lonse anthu ankanyengerera mkuluyu ndi mipando, pomwe iye ankadikira munthu. Nthawi ya Rabecca yoweruka inali itakwana, mapazi akuwotcha. Anaika chikwama pansi n'kukaima pambali pawo.

“Ndabwera kudzakulandirani.”

A Osborne anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato, osakhutira kwenikweni. Anamuuza atalikitse mapazi pang'ono, agwetse chibwano. Kenako anamupatsa ndodo, nabwerera m'mbuyo mwaulemu, n'kudzikoka mogwira bedi mpaka kumutu. Atakhala pampando anaika chipumi chawo pa pilo.

A Annet anatsegula maso pang'onopang'ono.

“Marvin? Unali kuti tsiku lonse?”

“Kuntchito,” anatero mkuluyo. “Ndaweruka.”