Mowa wa Bambo m'Botolo la Kufakitale

Nkhani iyi yafika kale mpaka kumsika, koma anthu akuikamba mokhotakhota, ena akuwonjezera zawo, ndiye imveni bwino mmene inayendera.

Chisamba, amene dzinali analipata poti ndi woyamba kubadwa, anali ndi chibwenzi. Chibwenzi chenicheni, mnyamata wa nsapato zopolisha, waulemu wake, mano oyera mbee. Vuto linali ntchito yake basi. Ankagwira kufakitale ya mowa, osati yonyamula makireti ayi, koma yolawa. Tangoganizani, munthu kudzuka m'mawa, kusamba, kuvala jasi yoyera, kukakhala pampando n'kumalawa mowa, ati ndi ntchito imeneyo. Anzake ankamutcha Lilime, ndipo dzinalo linamukakamira moti ngakhale amayi ake ankamuitana choncho.

Tsono bambo ake a Chisamba, mowa wa kufakitale sankafuna ngakhale kuumva fungo. Chipumireni pantchito ya ukalaliki, anayamba kufulula wawo m'kachipinda ka kuseri, momwe kale munkakhala njinga yakufa ndi matayala. Munali zigubu zabuluu, chidebe cha chimera, kapaipi ka pulasitiki, ndi kamakina kotsekera mabotolo komwe anagula kwa wogulitsa zakale. Mowa ukamawira, nyumba yonse inkanunkha ngati buledi wonyowa, mpaka zovala za m'kabati. Iwo ankati limenelo ndiye fungo la mowa wamoyo. Wa kufakitale ankati ndi madzi osambira opaka mtundu, ofululidwa ndi makina osadziwa n'komwe nkhope ya womwa.

Ndipo bambowo akangoti ayi, ndiye kuti ayi. Chibwenzi choyamba cha Chisamba anachithamangitsa chifukwa chinkatafuna chingamu polankhula nawo. Chingamu chokha! Ndiye uyu wa kufakitale akanatani? Chisamba ankamufuna Lilime moti akamutchula dzina ankaiwala poto pamoto, ndipo anatsimikiza mtima kuti uyu yekha sathamangitsidwa.

Choncho anamuphunzitsa ngati mwana wa sukulu. Atakumana pamalo okwerera basi, Chisamba anamuuza kuti bambo amathira mowa wawo m'mabotolo akale a kufakitale komweko, koma mabotolo ake amakhala amaliseche, poti mayi amawaviika m'madzi n'kukanda mapepala onse ndi zikhadabo. Ndiye akaona botolo lopanda pepala, ayamikire mpaka pakamwa paume. Akaona la pepala lofiira, adziwe kuti ndi msampha, bambo akufuna kuona ngati aikire kumbuyo mabwana ake. Limenelo alinyoze, asalimvere chisoni. Lilime anadandaula kuti iye kunama pa nkhani ya mowa sadziwa, lilime lake limakana. Chisamba anamufunsa ngati akufuna kukwatira lilime lakelo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chimene Chisamba sanadziwe n'chakuti sabata imeneyo mayi anali atapita ku saluni kukaikitsa zikhadabo zazitali zofiira, zoti mlendo adzaone kuti nawonso ndi anthu. Bambo atawabweretsera beseni la mabotolo, mayi anangotambasula zala n'kunena kuti zala zimenezi sizikanda kanthu mpaka mwezi wamawa. Bambo anang'ung'udza, anatsuka m'kati mokha, n'kuthira mowa wawo momwemo, mapepala ofiira ali chimatire.

Loweruka masana Lilime anafika atavala tayi. Pabalaza panali patakolopedwa mpaka simenti kuwala, nsalu zoluka zili pamipando, ndipo azakhali, alongo awo a bambo, anali atakhala kale pakona. Palibe anawaitana, koma azakhali amenewo fungo la nkhani amalimva ali kutsidya kwa msewu. Anapatsana moni, anafunsana za kunyumba, bambo akumuyang'ana mnyamatayo kuyambira ku nsapato mpaka ku tsitsi. Kenako analowa kuseri n'kubwera ndi botolo limodzi, pepala lofiira lili ngwee, analitsekula okha n'kumuthirira m'tambula.

Chisamba anali pakhomo la kukhitchini, thireyi ili m'manja. Ataona pepalalo anamutsinzinira Lilime diso limodzi. Msampha uja ndi umenewu.

Lilime anakweza tambula kuloza kuwindo ngati mmene amachitira kuntchito. Anainunkhiza. Anamwa pang'ono, n'kuyendetsa mowawo m'kamwa uku ndi uku, ndipo nkhope yake inakwinyika yokha, yosachita kukakamiza. Zoona zake, mnyamatayo anachita mantha enieni kuti fakitale yake ingatulutse chinthu chotere.

"Bambo, ndipepese m'malo mwa kampani yathu," anatero, atayika dzanja pachifuwa. "Uwu si mowa. Ukuwawasa ngati mkaka wogona, ndipo fungo lake ndi la sokosi ya mlonda."

Chisamba anamwetulira mpaka makutu. Ankati mumtima, onani mwamuna wanzeru. Koma bambo sanaseke. Pomwepo mayi anadutsa ndi mbale ya matambula, zikhadabo zija zili psuu, ndipo Chisamba anayang'ana zikhadabozo, anayang'ana botolo, n'kuona chitsekerero chili patebulo, chopindika mbali imodzi mmene kamakina ka bambo kamapindira. Uwu unali mowa wa bambo!

Anayamba kugwedeza mutu. Anakupiza thireyi. Anatsokomola ngati wameza fupa. Lilime anamuona, n'kuganiza kuti akumuuza kuti awonjezere moto. Ndiye anawonjezeradi. Anati pansi pa tambula pali matope oti munthu angadzalemo nyemba. Anati mowa woterewu ndi wotsukira matayala. Anati galu akaumwa akhoza kukasuma. Azakhali anali atatseka pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka.

"Amene anafulula mowa uwu," anamaliza Lilime, "achotsedwe ntchito lero lomwe, asapatsidwe ngakhale mpata wotsanzika."

"Wofulula wake ndine," anatero bambo.

Lilime anayang'ana botolo, anayang'ana Chisamba. Chisamba anafuna kuti simenti yomwe anakolopa yekha ija ing'ambike alowemo. Anaona kale zonse: mnyamata akutuluka pageti, iye akukalamba m'nyumba yonunkha chimera, akutsuka zigubu mpaka imvi.

Amene anaphulika ndi mayi. Anaseka mpaka kukhala pansi, matambula akulira m'mbale. Ataona kuti zaululika basi, ananena kuti iwo mowa umenewu chiyambire sanaumezepo, amathira mumphika wa maluwa wa pakhonde, n'chifukwa chake maluwa amafa chaka chilichonse, osati chifukwa cha mphaka wa oyandikana nawo amene wakhala akunamiziridwa. Azakhali nawo anapukuta misozi n'kuwonjezera kuti iwo amamwa chifukwa cha chibale, koma akamwa sakwera basi, amayenda wapansi kuti azidutsa kwa anthu odziwana nawo amene ali ndi zimbudzi.

"Mayi a Chisamba, inunso?" anatero bambo, mawu ali pansipansi.

"Ine ndinakwatiwa ndi inu, bambo a Chisamba, osati ndi zigubu zanu."

Apa Chisamba ankapemphera kuti Lilime agwade, anene kuti ali ndi chimfine, lilime lasokonezeka, chilichonse. Koma mnyamata uja, thukuta lili kamukamu, anatenganso tambula n'kumwa kachiwiri. Anati zimene wanenazo sangazibweze, poti akazibweza ndiye kuti wawanyoza kawiri. Koma anati thovu lake ndi labwino, lokhalitsa, loti kufakitale amalivutikira, ndipo chimera chake chikumveka kuti n'chosankhidwa ndi munthu wachikondi. Chimene chikuupha mowawo ndi kutentha. Anafunsa ngati zigubuzo zimakhala pafupi ndi malata.

Bambo anati zimenezo si zake. Kenako anati zimakhala pashelefu yapamwamba, nanga aziika pati, pansi pali makoswe. Lilime anati pamwambapo ndiye pamene mowa ukupsera. Bambo anati mwana wa dzulodzuloyu sangawaphunzitse za shelefu yawo yomwe anakhoma okha. Anaimirira, anakankha mpando, n'kulunjika kukhomo la kuseri. Chisamba anatseka maso, kudikira mawu aja othamangitsira anthu.

"Iwe wa tayi," anatero bambo ali pakhomo. "Ukubwera, kapena ukudikira galimoto ya kampani?"

Zimene zinachitika m'kachipindamo akazi atatuwo anazimvera pawindo la kukhitchini, mitu itagundana. Kunali kukangana kokhakokha. Bambo ankati yisiti yawo ndi yabwino, Lilime ankati yatopa ngati bulu. Bambo ankati mowa wa kufakitale ulibe mtima, Lilime ankati mtima ulibedi koma sutsekula m'mimba. Kunamveka chigubu chikukokedwa, kenako china chikugwa, kenako onse awiri akutukwana shelefu. Dzuwa likupendeka anatuluka, Lilime atapinda thalauza mpaka m'mawondo, tayi ili m'thumba, nsapato zopolisha zija zitanyowa mowa, akununkha ndendende ngati wa m'banjamo.

Bambo sanayang'ane Chisamba. Analankhula ngati akuuza khoma, kuti mnyamata wa pakamwa ngati ameneyu sangasiyidwe kuti azingoyenda m'tauni n'kumanyoza mowa wa anthu. Loweruka likubwerali afike m'mawa ndi zovala zakale. Ndipo azibwera Loweruka lililonse, kufikira tsiku limene adzamwe tambula yonse osakwinya nkhope.

Chisamba anathawira kukhitchini n'kukavina yekha pakati pa mapoto, thireyi ili pamutu, osatulutsa mawu kuopa kuti bambo angasinthe maganizo. Mayi anamupeza akuzungulira choncho, anamugwira paphewa n'kumunong'oneza.

"Usatekeseke, mwana wanga. Mmene ndikuwadziwira bambo akowa, ana ako adzayamba sukulu mowa umenewu usanakome."