Mapiritsi a M'chikwama cha Shuvai

Shuvai anatha zaka zitatu pabanja ndi Garikai ku Mutare, koma kumsana kwake kunalibe mwana. Abale a mwamunayo anali atagwirizana kale kuti Lamlungu akhala pansi, mkaziyo abwerere kwawo ku Chipinge.

Wofufuza mlanduwu anali Marwei, mchemwali wake wa Garikai. Lachinayi anapisa m'chikwama cha Shuvai napezamo mapiritsi oyera.

"Ndakugwira. Ife tikusowa mtendere, iwe ukumwa zolera?"

"Si zolera, alamu. Andipatsa kuchipatala."

"Tiye konko, akandiuze okha."

Namwino, Mayi Dhliwayo, anati mapiritsiwo ndi ochiza matenda a m'njira yoberekera.

"Matenda?" anatero Marwei. "Wawatenga kwa mwamuna uti?"

"Awa munthu amadwala ngakhale osayenda ndi wina," namwino anayankha. "M'njira ya mayi aliyense mumakhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso. Ndi alonda a pakhomo. Tizilombo tabwinoti tikafa, toipa timachuluka, pamabwera kuyabwa ndi fungo. Nthawi zina timakwera mpaka kuchiberekero, mimba n'kumavuta. Iwe Shuvai, umaikamo chiyani?"

"Ufa wa makungwa ndi ndimu, m'mawa uliwonse, kuti ndikhale woyera."

"Anakulangiza ndani?"

Shuvai anayang'ana pansi. Marwei anayamba kuwerenga kalendala ya pakhoma mwachidwi chachikulu.

"Ndine," Marwei anavomera pamapeto. "Amayi athu ankatero."

"Ndiye mwakhala mukuthamangitsa alonda, n'kumadabwa kuti akuba alowa bwanji. Komabe sindikunena kuti vuto ndi lokhali. Mchimwene wanu naye abwere timuyeze."

"Garikai? Uja ndi mwamuna weniweni."

"Makina athu sanamve mbiri imeneyo."

Lamlungu abale atasonkhana, Marwei anaimirira asanapatsidwe mpata.

"Shuvai sapita. Wolakwa ndamupeza, ndipo waima pamaso panu."

Garikai anakayezetsa monyinyirika, napezeka kuti ali bwino. Shuvai anamaliza mankhwala, nasiya ufa uja. Patapita chaka ndi theka anabereka mwana wamkazi.

Amayi, thupi limadziyeretsa lokha mkati. Sambani kunja kokha ndi madzi oyera, osaikamo sopo, ndimu kapena zitsamba. Mukamva kuyabwa kapena fungo lachilendo, pitani kuchipatala. Mwana akachedwa, mwamuna ndi mkazi akayezetse onse awiri musanaloze munthu chala.