Utawaleza wa M'chitsime cha Nagama

Kwathu kuno ku Kanyerere utawaleza unatsika kumwamba. Unatopa nayo mitambo, unadzagona m'chitsime cha mlongo wanga Nagama, mayi ako iwe Ndaziona. Ukasuzumiramo m'mawa, uwo uli yandayanda pamwamba pa madzi, kufiira, kubiriwira, chikasu, ngati chitenje cha mkazi wa bwana. Pansi pake bii! Fungo lake, mphwanga, ngakhale fisi anasamuka, ati m'mudzi muno mulibe ukhondo.

Iwe uli m'tauni, umangotsegula mpopi. Tamvera za kwanu.

Anabwera anthu a zipewa zolimba, anaboola dambo kufuna mafuta, anayala mapaipi pakati pa mpunga wathu. Paipi ina inang'aluka. Mafuta anayenda pansi ngati mfuko, anayenda, anayenda, mpaka anapeza chitsime. Achule anasiya nyimbo. Mpunga unauma uli chiimire. Abakha amalowa m'dambo ali abakha, potuluka ndi akhwangwala. Tambala wanga anamwako kamodzi, lero akupitirira minibasi pamsewu. Ine ndikatsokomola pafupi ndi moto, ana amabalalika.

Seka, koma mayi ako alibe madzi ena. Mtsinje uli kuseri kwa phiri, ndipo miyendo yawo ukuidziwa mmene imatupira.

Tinalira ku boma. Boma limamva, asakunamize munthu. Tinapempha madzi, linatumiza laimu. Matumba a laimu, ndi uthenga woti kukubwera bwana wamkulu wa kulikulu kudzaona yekha. Tinapaka miyala ya m'mbali mwa msewu, mbee! Mitengo mpaka m'chiuno, mbee! Galu wanga anachedwa kudzuka pamene anagona, nayenso mbee! Pamene panada anathirapo mchenga. Pamene pankanunkha anaimikapo amayi ovina.

Fumbi koboo, magalimoto ndondondo, nsapato waliwali. Bwana analankhula mpaka dzuwa linapempha mthunzi. Ati boma lakhazikitsa komiti, komitiyo ili ndi pakati, posachedwa ibereka komiti ina. Ati akatswiri ayeza madzi athu, ndipo ndi abwino, oyera, okoma. Manja pwapwapwa, a anthu omwewo amene anabwera nawo.

Paja kwathu kuno mlendo timamulandira ndi madzi, ndipo wopereka amayamba walawa, kuti mlendo amwe mtima uli m'malo. Mayi ako sanaphonyepo mwambo umenewu chibadwire. Tsiku limenelo anatunga m'chitsime chawo, anayenda pang'onopang'ono pakati pa gulu, anagwada, anapereka chikho kwa bwana ndi manja awiri.

Mayi ako sanalawe.

Ng'oma zii. Nthungululu zii. Ngakhale tambala wanga uja anaima.

"Imwani, bwana, mwachokera kutali," anatero mayi ako. "Ndi abwino, mwanena nokha."

Bwana anayang'ana m'chikho, utawaleza unamuyang'ananso. Anaseka kuseka kopanda mano, anatula chikho pamwala wopaka laimu, ati ali ndi ake m'galimoto. Zitseko phaa, phaa, phaa. Fumbi koboo. Atibera mpunga, atibera achule, n'kutisiyira miyala yoyera kuti tizitafuna.

M'mawa mwake kunagwa mvula. Laimu anasukuluka, mchenga unakokoloka, dambo linabwerera bii, ngati likuti mumandibisa kwa yani. Chikho chikadali pamwala pomwepo. Mayi ako aletsa kuchichotsa, ati ndi cha mlendo, sanamalize. Mvula ichidzaze, chisefukire, mafuta aja sachoka.

Itakata mvula, kumwamba kunatuluka utawaleza weniweni, uja wakale, kuchokera kuphiri mpaka kudambo. Palibe mwana anaufuulira. Palibe anatuluka kukauona. Mayi ako anali panjira ya kumtsinje, ndowa pamutu, akutsimphina m'matope. Anatukula maso, anauona, analavula pansi, napitiriza ulendo.