Minibasi ya Lachisanu

Chaka chimene sukulu zinayamba kukhala zaulere, ana a Sitandade 1 pa sukulu ina ya mishoni ku Nkhamanga anachuluka ngati nyerere, moti kalasi ya Mayi Nelly Ungweru inasamukira pansi pa mtengo wa mango. Choko chinali cha apo ndi apo, mabuku osanena. Koma mayiyu anali ndi luso lake limene aphunzitsi anzake ankaliseka: minibasi ya Lachisanu.

Lachisanu lililonse ana ankandandana atagwirana m'mapewa, wakutsogolo akulira ngati injini, ndipo Nelly, kondakitala wake, ankaitanira dziko limene akupita. Akafika ankatsika, n'kuphunzira moni wa kumeneko ndi kanyimbo kamodzi. Nyimbozo sankazipeza m'buku ayi, ankachita kupempha. Ya Chiswahili anaitenga kwa mayi wogulitsa zitenje pa msika wa Bolero, ya Chizulu kwa mkulu wa mpingo amene anakalambira ku migodi ya ku Joni, ya ku Sikotilandi kwa dokotala wa pa mishoni, amene mawu ake, kunena zoona, anali oyenera kuingitsira mbalame m'munda. Makolo ena ankadandaula kuti mayi wa ku Ntcheuyu akutayitsa ana nthawi, koma Lachisanu palibe mwana ankajomba ngakhale mvula igwe chotani.

Teremu imeneyo inali yomaliza kwa Nelly. Mwamuna wake, Gordon, anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo ku Ntcheu amayi ake anali atafa ziwalo, opanda wowasamalira. Nelly analoledwa kukaphunzitsa kwawo. Koma mwana wake mmodzi yekhayo, Mtende, amene ankakhala kutsogolo m'kalasi momwemo, sankapita nawo. A kwa Ungweru anapereka ng'ombe pomukwatira Nelly, ndipo kuno mwana ndi wa kuchimuna. Sanamunyoze, sanamulande ngakhale supuni. Anangonena mwaulemu, atayamba ndi pemphero, kuti Mtende akhala ndi a Lena, mlongo wa malemuyo, namwino pa chipatala cha mishoni, ndipo ku Ntcheu azipita pa tchuthi. Nelly zinamuwawa kwambiri, chifukwa kwawo mwana ndi wa amayi ake.

Koma chimene chinamubaya kuposa zonse chinali china. Tsiku lina akulongedza katundu, anamva Mtende akuimbira chidole chake cha chitsononkho kanyimbo ka Chiswahili kaja, kenako ka Chizulu, kenako ka Chitumbuka ka azakhali ake. Nelly anaimitsa manja kudikira ka kwawo. Kanalibe. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Iye anayendetsa ana a anzake dziko lonse lapansi, wake osamufikitsa pakhomo pa agogo ake. Kwa Mtende, Chichewa chinali chilankhulo cha pa bolodi basi.

Lachisanu lomaliza minibasi itanyamuka, kondakitala anaitanira Ntcheu. Ana anaseka, wina n'kufunsa ngati kumeneko amapita pa ndege. Nelly anawauza za mapiri ozizira, za kabichi ndi kachewere wounjika m'mbali mwa msewu, ndi za mayi wina amene ankaitana mwana wake wamkazi akachedwa kotola nkhuni. Sananene kuti mwanayo anali yani. Kenako anaimba:

"Tsika m'phiri, mwanawe, kachewere wapsa,
ukachedwa nkhungu ikubisa."

Ana anailandira nyimboyo n'kuikweza ndi kamvekedwe kawo ka Chitumbuka, moti agogo a ku Ntcheu akanaimva sakanaizindikira msanga. Mtende anaimba mokweza kuposa onse, osadziwa kuti nyimboyo ndi yake.

Ana ataweruka, Nelly anaona a Lena ataima kuseri kwa mtengo, ali mu yunifolomu. Anabwera kudzatenga mwana kuti ayambe kuzolowera nyumba yatsopano. Akazi awiriwa anali asanachezenso bwino kuchokera tsiku la chigamulo chija, ndipo Nelly anayembekeza kudzudzulidwa kuti akumuika mwana mtima wa ku Ntcheu. Koma a Lena anamuyandikira.

"Mulamu, mzere wachiwiri wandiphonya," anatero m'Chichewa chawo cholemera. "Imbaniso. Akamakulirani usiku, ine ndidzamuimbira chiyani?"

Nelly anaimba, a Lena akutsatira, kulakwitsa, kuyambiranso, mpaka inakhala ngati yagwira.

"Yewo chomene," anathokoza a Lena m'Chitumbuka, n'kugwira dzanja la Mtende.

Nelly anawaperekeza ndi maso akulowera njira ya kuchipatala. Mwanayo sanacheuke. Anali atatanganidwa kuwakonza azakhali ake pamene ankalakwitsa.