Mbale Imene Sindinataye

Maselo anga ankafa Lachinayi lililonse, ngati kuti anapangana.

Ntchito yanga mu labotale inali iyi. Madokotala akachotsa chotupa cha khansa, kachidutswa kake kankabwera kwa ife. Ine ndinkasankhamo maselo ochepa amene timawatcha mbewu, aja amadzutsanso matenda munthu atamaliza kale mankhwala, n'kuwalera m'timbale. Maselo ena, omanga mnofu wozungulira chotupacho, tinkangowatcha udzu. Udzu umapaliridwa, ndipo ine ndinkapalira kuposa aliyense. Mbewu zanga zinkatsala zokhazokha m'mbale zoyera mbee, kenako n'kufa mwaukhondo.

A Pulofesa, mkulu wa labotale yathu, anandipatsa milungu itatu. "Zikapanda kumera, mwanawe, tebulo ili tipatsa wina. Iwe uzikalemba malipoti."

Lolemba lotsatira, mayi wosamalira zipangizo zathu anandiimitsa atanyamula mbale yanga imodzi. Tonse tinkawatcha Mayi Tayani, chifukwa ndiwo mawu amene ankatipatsira moni.

"Iwe Mafunso, digiri yonseyi, kupalira kwakukanika? Mbale iyi ndi thengo. Taya."

"Ndiione kaye, mayi."

"Uone chiyani? Maliro saonera pa maikulosikopu."

Ndinaionabe. Udzu unali utayala pansi ponse. Koma pamwamba pake mbewu zija zinali zitaunjikana timibulu tonenepa, zikugawikana mosatekeseka. Mbale yokhayo imene ndinailakwitsa ndiyo inali ndi moyo.

Sindinataye. Ndinaibisa kumbuyo kwa kabati yofunda yosungiramo maselo, nditalembapo chizindikiro cha Mayi Tayani, poti zinthu zawo ngakhale a Pulofesa sazikhudza.

Funso linali limodzi: udzuwo ukuzigwira mbewuzo kuti zisagwe, kapena ukuzidyetsa? Ndinalera udzu pawokha masiku atatu, n'kutunga madzi amene unakhalamo, n'kuwasefa mpaka osatsala selo ndi limodzi lomwe. Madziwo ndinathira m'mbale zisanu ndi imodzi za mbewu zoyera. Zina zisanu ndi imodzi ndinazipatsa chakudya chathu cha masiku onse. Ndinachita zimenezi kawiri, chifukwa mwayi umabwera kamodzi.

Lachinayi lomaliza ndinandandalika mbale zonse patebulo.

"Zafa zingati lero?" anafunsa a Pulofesa, asanakhale n'komwe.

"Theka, bambo. Monga ndinazipempha."

Anayang'ana mbale yoyamba, yachiwiri, mpaka yomaliza. Mbewu zimene ndinazithira madzi a udzu zinali zamoyo, zinazo zitafa. Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuyambiranso. Ndinawafotokozera za madzi aja.

"Ndiye kuti mbewuzi sizidzidalira," anatero. "Anansi ake ndiwo amaziphikira. Ndipo tikadziwa chimene akuthira m'madzimu..."

"Tikhoza kutseka khitchiniyo, khansa n'kufa ndi njala," ndinamaliza.

"Zaka zitatu! Zaka zitatu tikutaya ophika, n'kumadabwa kuti alendo akufa ndi njala!" Anamenya tebulo mpaka timbale tinanjenjemera. "Udzuwo unautenga kuti?"

Ndinatulutsa mbale yobisika ija. A Pulofesa anaona chizindikirocho n'kutembenuka.

"Mayi, inuyo ndi amene munasunga chimenechi?"

Mayi Tayani anandiyang'ana, anayang'ana mbaleyo, n'kukonza kolala ya jasi lawo loyera.

"Ine ndimadziwa chotaya ndi chosunga, bambo. Anawa amafunika kuwayang'anira."

Sindinatsutse. Tebulo linakhalabe langa, ndipo anandiwonjezera shelefu yathunthu m'kabati yofunda.

M'mawa mwake ndinapeza wophunzira wina wamkulu ataima pafupi ndi bini, mbale yomera udzu ili m'manja. Mayi Tayani anali atamugwira pamkono.

"Achimwene, mwapenga? Zimenezi satayanso. Kapatseni Mafunso."